Will kapena would? Yambani mwadzifunsa ngati zinthuzo zichitikadi

Werengani ziganizo zinayi izi mofatsa. Zonse zikukamba za Nyanja ya Chilwa.

If the lake dries, the fish die.
If the lake dries, the fish will die.
If the lake dried, the fish would die.
If the lake had dried, the fish would have died.

Nyanja ndi yomweyo, nsomba ndi zomwezo, ndipo chasintha ndi mneni basi. Koma tayesani kuzinena m'Chichewa kwa bambo amene amawedza pa doko la Mposa. Mukati "Nyanja ikaphwa, nsomba zimafa," angogwedeza mutu, nanga si zodziwika kale. Mukati "Nyanja ikaphwa, nsomba zidzafa," ayang'ana kumwamba n'kuyamba kuganiza za ngongole ya ukonde. Mukati "Nyanja itaphwa, nsomba zingafe," adziwa kuti mukungocheza. Mukati "Nyanja ikadaphwa, nsomba zikadafa," mtima ukhala m'malo, chifukwa mwawauza kuti nyanjayo sidaphwe.

Ine ndimaphunzitsa Physics, ndipo maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa: kusankha mneni m'chiganizo cha if ndi nkhani ya sayansi isanakhale nkhani ya galamala. Mneni amene mwasankha amauza wowerenga ngati mukunena lamulo la chilengedwe, ngati mukulosera, ngati mukungoyerekeza, kapena ngati mukukamba zimene zidalephereka kale. Wophunzira amene sasiyanitsa zinayi zimenezi amavutika mu English, inde, koma amavutikanso mu labotale. Ndipo njira yachidule yozimvetsera ndi kuyambira m'Chichewa chomwe mumalankhula tsiku ndi tsiku.

Tebulo loloweza lija

Ambiri mwa inu muli ndi tebulo kumapeto kwa kope la English: zero conditional, first conditional, second conditional, third conditional. Pambali pake mudalemba kuti present ndi present, present ndi will, past ndi would, past perfect ndi would have. Tebulo limeneli ndi lolondola, musalitaye. Vuto lake n'lakuti limakuuzani mneni woti mulembe mukadziwa kale mtundu wa chiganizocho, koma silikuuzani momwe mungadziwire mtunduwo.

M'mayeso osankha yankho, tebulo limakupulumutsani. Mwaona had heated mbali ino, ndiye mbali inayo mufunafuna would have, mwachonga, mwadutsa. Koma pa funso la Physics palibe amene wakuyambirani chiganizo. Pepala ndi loyera, mbali zonse ziwiri mulemba nokha. Apa m'pamene ndimapeza ziganizo ngati "If the wire will be longer, the resistance would have increased." Wolembayo akudziwa ndithu kuti waya wautali amakhala ndi resistance yambiri. Physics ali nayo m'mutu. Koma chiganizo chake chayamba ndi mawa n'kuthera dzulo, ndipo wowerenga sangadziwe ngati akunena lamulo, ulosi kapena zimene zidachitika pa experiment.

Ndiye musanafike pa tebulo, yambani ndi funso ili: kodi zimene ndikunenazi zimachitika nthawi zonse, zikhoza kuchitika, n'zongoyerekeza, kapena mwayi wake udapita kale?

Chichewa chidakuphunzitsani kale

Palibe mwana wa Fomu 1 amene angasokoneze ziganizo izi:

Ukathira mchere m'madzi, umasungunuka.
Ukathira mchere wambiri m'ndiwomo, amayi adzakukalipira.
Utathira mchere m'tiyi, ndani angamwe?
Ukadathira mchere, ndiwozi zikadakoma.

Taonani mmene mneni akusinthira. Choyamba chili ndi -ka- kutsogolo ndi -ma- kumbuyo, ndipo chikunena zochitika nthawi zonse. Chachiwiri chili ndi -ka- ndi -dza-, zinthu zomwe zikhoza kuchitikadi. Chachitatu chili ndi -ta- ndi -nga-, kuyerekeza chabe. Chachinayi chili ndi -kada- mbali zonse, kapena -kana- monga ambiri timalankhulira, ndipo aliyense akumva kuti mcherewo sudathiridwe. Simudaloweze tebulo kuti mudziwe zimenezi. Mudazimva kukhitchini, kudimba ndi kumsika. Inu amene kunyumba mumalankhula Chiyao kapena Chilomwe, yesani kunena ziganizo zomwezi m'chilankhulo chanu, mumvetsere chomwe chikusintha.

Chingerezi chimagawa maganizo omwewa ndi zida zake. Ntchito yanu ndi kulumikiza zida ziwirizi. Tiyeni tione mtundu uliwonse ndi ntchito imene umagwira mu sayansi.

Lamulo: -ka- ndi -ma-

Miyambi yathu yambiri ili mumtundu uwu. Madzi akatayika saoleka. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwambi sunena za Lachiwiri kapena za chaka chatha, umanena zomwe zili choncho nthawi zonse. Malamulo a Physics nawonso amalankhula chimodzimodzi, ndipo m'Chingerezi aneni onse awiri amakhala mu present simple:

If you remove one bulb from a series circuit, the other bulbs go out.
If you heat a metal rod, it expands.

Chiganizo chamtunduwu ndi lonjezo lalikulu. Mukuuza dziko lonse kuti aliyense, kulikonse, akachita izi apeza izi. Chitsanzo chimodzi chotsutsa chimakwanira kuligwetsa. Tengani chiganizo chomwe chimapezeka m'mabuku ambiri a galamala, chonena kuti madzi amawira akafika madigiri 100. Kuno kwathu ku Mposa tili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 600 kuchokera pomwe pali nyanja zamchere. Mpweya umene ukutipanikiza ndi wocheperako, choncho madzi amawira asanafike 100, pa madigiri pafupifupi 98. Pa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, pa mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90. Thermometer yanu ikaima pa 98 madzi akubwadamuka, musathamangire kunena kuti ndi yowonongeka. Lamulo lija lili ndi if wina wobisika: at sea level.

N'chifukwa chake malamulo a Physics amayenda ndi mawu ngati provided that, as long as ndi unless. Lamulo la Georg Ohm la mu 1827 limati current imakwera molingana ndi voltage, koma pokhapokha kutentha kwa waya kusasinthe. Lamulo la Robert Hooke limati sipuling'i imatamuka molingana ndi mphamvu yoikoka, koma pokhapokha musaikoke kupyola malire ake. Mukasiya mbali ya "pokhapokha" imeneyi, mwalemba theka la lamulo.

Nanga chiganizo chathu choyamba chija, chakuti nyanja ikaphwa nsomba zimafa? Chilwa idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka. Komatu madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zidabwereranso. Zidachokera kuti? Zina zidapulumukira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Domasi ndi Likangala, ndi m'madambo momwe mudatsala madzi. Ndiye wasayansi wosamala alemba "If the lake dries, most fish die." Kamawu kakuti most n'kakang'ono, koma n'kamene kasiyanitsa zoona ndi kukokomeza.

Ulosi woti uyesedwe: -ka- ndi -dza-

Musanayambe experiment iliyonse mumayenera kunena zomwe mukuyembekezera. Imeneyi ndiyo hypothesis, ndipo nyumba yake ndi first conditional: present simple pambuyo pa if, kenako will.

If we double the length of this wire, its resistance will double.

Apa simukunena za mawaya onse a padziko. Mukunena za waya uyu, lero, patebulo pano, ndipo mwadziika poti anzanu akhoza kukutsutsani ndi ammeter. Ulosi wabwino umakhala wotero, umapereka mpata woti ugwidwe ngati uli wabodza.

Chitsanzo chotchuka chidachitikira kuno ku Africa. Mu 1915 Albert Einstein adatulutsa chiphunzitso chonena kuti zinthu zolemera kwambiri, monga dzuwa, zimakhotetsa njira ya kuwala. Asayansi adaona kuti ngati izi zili zoona, nyenyezi zooneka pafupi ndi dzuwa zidzaoneka zitasuntha pang'ono pamalo ake. Koma nyenyezi zoterezi zimaoneka pa nthawi ya kadamsana yokha. Pa 29 Meyi 1919, Arthur Eddington adali pa chilumba cha Príncipe, kunyanja ya kumadzulo kwa Africa, kujambula kadamsana, pamene gulu lina lidali ku Sobral m'dziko la Brazil. Zithunzi zidaonetsa kuti nyenyezi zidasunthadi. Ulendo wonsewo udakhazikika pa chiganizo chimodzi chamtundu uwu: If the theory is right, the stars will appear shifted.

Pali misampha iwiri pano. Woyamba ndi kuika will pambuyo pa if. Mumaganiza kuti popeza zinthuzo n'zamtsogolo, aneni onse akhale amtsogolo, ndiye mumalemba "If it will rain tomorrow". Pa ziganizo zolosera ngati izi Chingerezi sichitero. Chimati "If it rains tomorrow, the solar panel will give less power." Will amadikira mbali yachiwiri. Ndipotu Chichewa chimachitanso zomwezo nthawi zambiri: timati "mvula ikagwa mawa," ndipo mawu akuti mawa akwanira kutiuza nthawi.

Msampha wachiwiri umachokera m'Chichewa mwenimweni. Phatikizo lathu la -ka- limagwira ntchito ziwiri. "Dzuwa likalowa" ndi "mvula ikagwa" zimamveka zofanana, koma dzuwa lilowa ndithu, pamene mvula kaya. Chingerezi chimasiyanitsa: when pa zomwe zichitika mosakayika, if pa zokayikitsa. Mukalemba "If the sun sets," mzungu adabwa kuti kodi kwanuko dzuwa limaphonya masiku ena? Choncho mukaona -ka- m'mutu mwanu, imani kaye mufunse: kodi apa pali kukayika? Ngati palibe, lembani when.

Kuyerekeza: -ta- ndi -nga-

Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa Chingerezi chimachita chinthu chodabwitsa. Chimatenga mneni wa past tense n'kumugwiritsa ntchito pa zinthu zomwe sizidachitike kale ayi.

If you stood on the Moon, you would weigh about one sixth of your weight on Earth.

Stood ameneyu sakunena za dzulo. Akunena kuti zimenezi zili kutali ndi momwe zinthu zilili. Chingerezi chimabweza mneni m'mbuyo sitepe imodzi pofuna kusonyeza kuti tachoka m'dziko lenileni, talowa m'dziko la "tiyerekeze". Ife timati "Utaima pa mwezi, ungapepuke," kapenanso "Ukadakhala pa mwezi pano, bwenzi uli wopepuka." Mtsikana wa makilogalamu 60 amalemera ma newton pafupifupi 600 pansi pano. Pa mwezi, pomwe mphamvu yokoka ndi pafupifupi 1.6 N/kg, angalemere ma newton 96. Makilogalamu ake akadali 60 omwewo.

Wina anganene kuti kuyerekeza ndi masewera a ana. Physics ikadapanda kuyerekeza, bwenzi ilibe miyendo. M'buku lake la mu 1638, Galileo Galilei adafotokoza kuti patapanda mpweya wotchinga, zinthu zolemera ndi zopepuka zingagwe mofanana. Iye sakadatha kuchotsa mpweya padziko kuti aone. Adangoganiza mwadongosolo: If there were no air, a hammer and a feather would fall together. Padapita zaka zoposa 300. Mu Ogasiti 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 adaima pa mwezi, pomwe palibe mpweya, n'kugwetsa hamala ndi nthenga nthawi imodzi pamaso pa kamera. Zidafika pansi limodzi. Chiganizo cha would chidasanduka chiganizo cha lamulo.

Kwathu kunonso tili ndi chitsanzo. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje imathira, koma madzi amachoka posanduka nthunzi, ndipo nthunzi siinyamula mchere. Mcherewo umatsala, n'chifukwa chake madzi a m'nyanjayi amamveka kamchere, makamaka akachepa. Ndiye tinganene kuti: If Lake Chilwa had an outlet, its water would be less salty. Sitingakumbe mtsinje kuti tiyese. Koma chakumpoto, m'boma lathu lomweli la Machinga, kuli Nyanja ya Chiuta, yomwe idalekanitsidwa ndi Chilwa ndi mtunda wa mchenga. Madzi a Chiuta akachuluka amadutsa ku Nyanja ya Amaramba ku Mozambique n'kukalowa mu mtsinje wa Lugenda, ndipo madzi ake alibe mchere ngati a Chilwa. Chilengedwe chidatiikira nyanja ziwiri moyandikana, ina yotseka, ina yotsegula, kuti tifananize.

Chenjerani ndi had wa m'chiganizo chimenechi. Ena akangoona had amathamangira would have. Mu "If the lake had an outlet," had akutanthauza kukhala ndi chinthu, ndipo pambuyo pake pali dzina. Ndi past simple wamba, ndiye mnzake ndi would. Mu "If the lake had dried," had akutsatidwa ndi mneni wina, ndiye past perfect, ndipo mnzake ndi would have. Yang'anani mawu otsatira had musanasankhe.

Kumbukiraninso were. Polemba mayeso lembani "If I were," "If there were no friction," "If the Earth were smaller." Polankhula, eni chilankhulo ambiri amati was, ndipo mudzamva zimenezo m'mafilimu, koma pa pepala la MANEB were ndiye wosakayikitsa.

Mafunso ambiri a Physics amabwera mumtundu uwu: "What would happen if the cell were reversed?" Wofunsa wakutsegulirani kale khomo la would. Lowani momwemo: "The current would flow in the opposite direction." Funso likati "What happens when," yankhani ndi present. Likati "What will happen if," yankhani ndi will. Mneni wa m'funso ndiye amakuuzani dziko lomwe muli.

Zomwe zidalephereka: -kada- ndi -kada-

Third conditional ndi chiganizo cha munthu woyang'ana m'mbuyo. Chingerezi chimabweza mneni masitepe awiri: had ndi past participle mbali ya if, would have ndi past participle mbali inayo.

If we had timed twenty swings instead of one, the error would have been smaller.

Chiganizochi chikuulula zinthu ziwiri popanda kuzitchula: tidawerenga kugwedezeka kumodzi kokha kwa pendulum, ndipo zotsatira zathu zidaphonya kwambiri. Pamene mukulemba lipoti la experiment n'kufika pofotokoza zomwe zikadakonzedwa, mtundu uwu ndi umene mukufuna.

Koma funso la wasayansi ndi ili: mwadziwa bwanji zomwe zikadachitika, poti sizidachitike? Tiyerekeze mlimi wa mpunga ku sikimu ya Domasi akuti, "Ndikadapanda kuthira feteleza, sindikadakolola chonchi." Mwina akunena zoona. Mwinanso chaka chimenecho madzi adangokwanira bwino, kapena mbewu idali yabwino. Njira yokhayo yodziwira ndi kusiya kandime kena kosathira feteleza, mbewu yomweyo, madzi omwewo, tsiku lowokera lomwelo. Kandime kameneka ndi kamene timakatcha control. Control ndi njira ya asayansi yoonera ndi maso zomwe "zikadachitika". Popanda control, chiganizo cha would have chimakhala maganizo chabe, ngakhale galamala yake ikhale yosalala bwanji.

Apanso Chichewa chikhoza kukupusitsani pang'ono. Timati "Ndikadakhala ndi ndalama, ndikadagula njinga," ndipo tikhoza kutanthauza lero kapena chaka chatha. Nkhani yonse ndi imene imatiuza nthawi. Chingerezi chimafuna musankhe. Ngati ndi lero: If I had money, I would buy a bicycle. Ngati ndi chaka chatha: If I had had money, I would have bought a bicycle. Had awiri otsatanawo si kulakwitsa kwa wotayipa. Choncho mukamva -kada- m'mutu mwanu, funsani kuti: liti? Panopa, kapena kale?

Nthawi zina yankho limakhala "zonse ziwiri". Chifukwa chili dzulo, zotsatira zili lero: If we had charged the battery yesterday, the lamp would be on now. Ife timati, "Tikadatchaja batire dzulo, bwenzi nyale ikuyaka pano." Mawu akuti bwenzi ndi ofunika kuwamvetsera. Akamatsatidwa ndi zinthu zomwe zikadakhala zikuchitika panopa, Chingerezi chake ndi would wopanda have. Chiganizo chotere sichipezeka pa tebulo la mitundu inayi lija, komabe n'cholondola. Woloweza tebulo amachiona ngati cholakwika, pamene womvetsa tanthauzo sadabwa nacho.

Zomwe ena anganene

Mwina wina akuti, "Aphunzitsi, wochonga Physics amafuna mfundo. Bola ndalemba kuti resistance ikwera, za will ndi would n'za a English." Pali choona pamenepo. Pa funso la malikisi amodzi, mneni wopotoka mwina sangakugwetseni. Koma taonani ziganizo ziwiri izi: "If the fuse melts, the appliance will be safe" ndi "If the fuse had melted, the appliance would have been safe." Choyamba chikufotokoza ntchito ya fuse. Chachiwiri chikunena kuti fuse sidasungunuke ndipo chipangizo chidapsa. Mfundo yasintha chifukwa cha mneni. Komanso musaiwale kuti satifiketi ya MSCE imafuna kuti mukhoze English. Ndipo sukulu ikatha, ena mwa inu mudzakhala anamwino, amakaniko, alangizi a zaulimi, akatswiri a zamagetsi. Kusiyana kwa "if the patient takes this drug" ndi "if the patient had taken this drug" kudzakhudza moyo wa munthu.

Wina akuti, "Nanga bwanji eni Chingerezi amasakaniza?" Zoona, amasakaniza. Mudzamva "If you will wait here, please," pomwe will akusonyeza ulemu. Mudzamva might, could ndi may m'malo mwa will ndi would. Zimenezi zikungotsimikiza mfundo yanga, kuti mneni amatsata tanthauzo. Ndipo mu sayansi, may ndi might ndi mawu aulemerero. Mu 1963, Erasto Mpemba, mnyamata wa Fomu 3 ku Tanzania, adaona kuti zosakaniza zake za ayisikilimu zotentha zidaundana msanga kuposa zozizira za anzake. Anthu adamuseka, koma mu 1969 adalemba nkhaniyi pamodzi ndi Denis Osborne m'magazini ya Physics Education. Mpaka lero asayansi akutsutsanabe ngati zimenezi zimachitika nthawi zonse komanso chifukwa chake. Ndiye wolemba mosamala sanena kuti "hot water freezes faster" ngati lamulo. Amati "If you put hot and cold water in a freezer, the hot water may freeze first." Mneni may akunena poyera kuti umboni sunakwane.

Palinso aphunzitsi anzanga amene amakhulupirira kuti Chichewa chikalowa m'kalasi, Chingerezi chimathawa. M'sukulu zina wolankhula Chichewa amapatsidwa chibalo. Ndikumvetsa cholinga chawo, chilankhulo chimafuna kuchiyeserera, ndipo mayeso amabwera m'Chingerezi. Koma pa nkhani iyi ndikutsutsana nawo. Mwana amene akusiyanitsa kale "ukathira," "utathira" ndi "ukadathira" ali ndi maziko onse. Kumuletsa kuwagwiritsa ntchito kuli ngati kuuza mmisiri kuti amange nyumba pambali pa maziko omwe adakumba kale. Mphindi zisanu zofananiza zilankhulo ziwirizi zimapulumutsa masabata oloweza. Ndiponso ntchito imeneyi tisaisiyire aphunzitsi a English okha. Ife a Physics, Chemistry, Biology ndi Agriculture ndi amene timafunsa mafunso a if tsiku lililonse, ndiye tiziima pang'ono n'kufotokoza chifukwa chomwe tanenera would osati will.

Zoti muchite kuyambira lero

Mukafuna kulemba chiganizo cha if, chitani zinthu zitatu. Choyamba, chineneni m'Chichewa chamumtima ndipo mumvetsere mneni: kodi ndi -ka- ndi -ma-, -ka- ndi -dza-, -ta- ndi -nga-, kapena -kada-? Chachiwiri, ngati ndi -ka-, funsani ngati pali kukayika, kuti musankhe pakati pa if ndi when. Ngati ndi -kada-, funsani kuti liti, kuti musankhe pakati pa would ndi would have. Chachitatu, mukalemba, werengani mbali zonse ziwiri muone ngati zili m'dziko limodzi.

Yesani ndi izi, muzilembe m'Chingerezi m'kope mwanu:

Ukawonjezera mababu mu series, kuwala kwa babu lililonse kumachepa.
Tikafupikitsa chingwe cha pendulum iyi, idzagwedezeka mofulumira.
Dziko litasiya kuzungulira, usana ndi usiku zingatalike kwambiri.
Tikadatseka chikho chija, madzi sakadazizira msanga.
Mitengo ya m'phiri la Chikala ikadapanda kudulidwa, bwenzi mitsinje ikubweretsa matope ochepa m'nyanja.

Mukamaliza, sinthanani makope ndi mnzanu. Musangochongerana aneni. Pa chiganizo chilichonse mufunsane kuti: kodi tingachiyese bwanji? Choyamba ndi chachiwiri mukhoza kuziyesa ndi batire, mawaya, mababu, chingwe ndi mwala. Chachinayi chikufuna zikho ziwiri, china chotseka china chosatseka, ndi thermometer. Chachitatu sichingayesedwe, chimafuna kuganiza mwadongosolo ngati Galileo. Chachisanu n'chovuta kuposa zonse, chifukwa mufunika kupeza mtsinje wina wochokera kumalo komwe mitengo idakalipo kuti mufananize madzi ake m'botolo mvula ikagwa. Mukafika pokangana kuti mtsinje wofananizirawo ukhale uti, dziwani kuti galamala ija mwaimvetsa, ndipo mwayamba kale kuchita sayansi.